Bambo Ali M'kaundula, Mayi Ali M'mudzi



M'mapiri muno, kuyambira ku Mvera kudzera ku Kongwe, kutsetsereka ku Mponela mpaka kukwera kwa Nthondo ndi ku Chinthembwe, muli mabanja amene ali ndi kholo limodzi losatchulidwa. Pamaliro akamayala mbiri ya womwalira amatchula mayi ake, agogo ake aakazi, malume ake ndi mudzi umene anabadwira. Akafika pa bambo amene anabereka agogowo, wonenayo amatsokomola n'kulumpha. Aliyense amadziwa chifukwa chake, pakuti khungu ndi tsitsi zimaulula zimene pakamwa pakubisa. Kholo limenelo linali mzungu wa ku boma kapena wa ku esiteti ya fodya, mwenye wa pasitolo, kapena msilikali wochokera ku India. Akuluakulu anasankha kukhala chete, ndipo anali nazo zifukwa zawo. Koma zidzukulu za lero zinapita kusukulu, zili ndi foni m'manja, ndipo zayamba kufunsa kuti munthuyo anali yani, anachokera kuti, nanga anathera kuti. Kufunsa kotere si mwano. Yankho lilipo, kungoti linamwazikana m'maiko atatu kapena anayi, ndipo gawo lake lofunika kwambiri lili m'mudzi momwemo.

Alendo oyamba kukhazikika m'dera lino anali amishoni a mpingo wa Dutch Reformed. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga ku Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere, mu 1889, ndipo Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894. Iwowa anachokera ku South Africa, ngakhale kuti agogo a Murray anali atachoka ku Scotland mu 1822. Wofufuza makolo amawakumbukira pa chinthu chimodzi: anabweretsa chizolowezi cholemba maina a anthu akuda m'mabuku.

Boma linatsatira pambuyo. Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain, ndipo Harry Johnston, pokhala analibe asilikali okwanira, anaitanitsa amuna pafupifupi 70 kuchokera ku India, ena Asikh ena Asilamu, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Maguire anafa chaka chomwecho pomenyana ndi Makanjira kunyanja, koma njira yochokera ku India sinatsekeke. Kunabwera asilikali ena, makalaliki, amisiri a njanji, ndiponso amalonda ochokera ku Gujarat ndi ku Kutch amene anamanga masitolo awo paliponse pamene panali msewu ndi msika. Cha m'ma 1920 A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anayambitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi m'chigwa cha Lilongwe, ndipo posakhalitsa unafika ku Dowa, n'kukoka ogula fodya ndi oyang'anira minda. Ambiri mwa anthu onsewa anali anyamata osakwatira, kapena amuna amene anasiya akazi awo kutsidya kwa nyanja. Zotsatira zake zili m'midzi mpaka lero. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame ena anasiya mbewu itamera.

Ena mwa alendowa anali kale a magazi awiri asanafike kuno. Ku India kuli mtundu wa anthu otchedwa Anglo-Indian. Poyamba dzinali linkanena Mngelezi aliyense wokhala ku India, koma kuyambira pa kalembera wa 1911 linakhazikika pa ana a azungu ndi akazi a ku India. Malamulo aakulu a dziko la India amati munthu wotere ndi amene bambo ake, kapena kholo lina lachimuna la mzere wa bambo ake, linachokera ku Ulaya. Mayi salowamo m'chiwerengero chimenechi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pepala la Mngelezi, kaya linalembedwera ku Calcutta kaya ku Zomba, limatsata bambo. Mchewa amatsata mayi: mwana ndi wa mbumba, womuyang'anira ndi malume, ndipo mkamwini akuluakulu ankamuyerekeza ndi tambala. Kotero mwana wa mzungu kapena wa mwenye wobadwa kwa mkazi wa ku Dowa anali ndi kwawo kwenikweni pa mwambo wa Achewa, koma pa mwambo wa boma anali chinthu chosowa poikidwa.

Malamulo a nthawiyo akuonetsa zimenezi poyera. Lamulo la maukwati la 1902 linkazindikira ukwati wolembetsedwa ku boma kapena kutchalitchi chovomerezeka, pamene maukwati ambiri a alendowa ndi akazi a kuno, ngati anali maukwati n'komwe, anali a kumudzi. Lamulo lolembetsa obadwa ndi omwalira la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Mwana wa munthu wakuda akanatha kubadwa, kukula, kukalamba ndi kufa popanda boma kulemba tsiku lake ndi limodzi lomwe. Mpata umenewu unadzatsekedwa ndi lamulo la 2010 lolembetsa nzika zonse. Choncho amene akupita ku Zomba ndi chiyembekezo chokapeza setifiketi ya kubadwa kwa agogo ake obadwa mu 1925 ayenera kudziwiratu kuti nthawi zambiri pepala lotero silinalembedwepo.

Mapepala ankachuluka pokhapokha boma likavutika mtima. Mu 1929 ku khoti lalikulu kunali mlandu wa Ernest Carr ndi Suleman Abdul Karim. Karim anali mwana wa mwenye ndi mkazi wa kuno, ndipo Carr anamudandaulira kuti sanamalize kulipira galimoto imene anamugulitsa. Mlanduwo unali waung'ono, koma unadzutsa funso lalikulu lakuti Karim aweruzidwe ngati mbadwa kapena ngati mlendo. Woweruza, Haythorne Reed, anagamula kuti sanali m'gulu la mbadwa. Chigamulocho chinasokoneza maofesi kuyambira ku Zomba mpaka ku London, pakuti msonkho, sukulu, malo olima ndi khoti loweruza munthu, zonse zinkadalira gulu limene boma lamuika. Chaka chomwecho ana a azungu ndi akazi a kuno anakhazikitsa bungwe lawo la Anglo-African Association, limene Henry Ascroft anadzalitsogolera, ndipo linkalembera boma makalata opempha sukulu ndi ntchito. Katswiri wa mbiri yakale Christopher J. Lee anasanthula makalata amenewa m'buku lake la 2014 lotchedwa Unreasonable Histories. Bungwelo linali la anthu a m'tauni a Kummwera makamaka, amene ankadziwa maina a abambo awo ndipo ankawanyadira. Anzawo a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene anakulira kuchikuta ndi kumphala, kuvinidwa pamodzi ndi anzawo ndi kukwatira m'mudzi, sanalembere boma kalata iliyonse. N'chifukwa chake kafukufuku wa kuno sayambira ku Zomba.

Amayambira pakhonde la agogo. Dera lino lili ndi chitsanzo chake: Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Mvera, amene analemba Mbiri ya Achewa ndi moyo wa mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi, chuma chake anachitola pofunsa okalamba ndi kulemba zimene anamva. Wofufuza kholo lake achite chimodzimodzi, ndipo afulumire, chifukwa amene anaona ndi maso atsala owerengeka. Apite ndi shuga ndi sopo, akhale pansi, asayambe ndi funso lopweteka. Nkhani zotere amazidziwa bwino ndi amayi okalamba, azakhali ndi anamkungwi, ndipo sazinena pagulu. Mdzukulu ali ndi mwayi pamenepa kuposa mwana, pakuti pa chikhalidwe cha kuno gogo ndi mdzukulu amaseleulana, ndipo zimene mayi sangauze mwana wake amatha kuuza mdzukulu akusenda mtedza.

Zofunsa ndi zazing'ono. Munthuyo ankagwira ntchito yanji: ankatolera msonkho, ankagula fodya, ankayeza misewu, kapena ankagulitsa nsalu ndi mchere? Ankakhala pati? Ankayenda pa machila, pa njinga, kapena pa galimoto? Ankapemphera motani, nanga ankadya nkhumba kapena ayi? Ankavala nduwira kumutu ndi kusunga ndevu? Yankho la funso lotsirizali lokha likhoza kusiyanitsa Msikh ndi wamalonda wa ku Gujarat. Chaka okalamba sachitchula ndi manambala, koma amachimangirira ku zochitika: nkhondo ya Ajeremani ya 1914, chimfine chimene chinapha anthu mu 1918, dzombe la m'ma 1930, njala ya 1949, chitaganya cha 1953. Gogo akanena kuti mayi ake anabadwa anthu akubwera ku mtengatenga, wofufuza wapeza kale zaka ziwiri kapena zitatu zoti akafufuzemo.

Dzina ndilo limavuta. Anthu a kuno sankatchula mzungu ndi dzina lake lobadwa nalo. Ankamupatsa lawo, lotengera maonekedwe, mayendedwe kapena ukali wake. John Moir wa kampani ya African Lakes anatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi ake a m'maso, ndipo dzinalo linakula mpaka kuphimba kampani yonse. Dzina lopatsidwa lotere silipezeka m'kaundula wa boma, komabe lisatayidwe, chifukwa amishoni ndi ma DC ena ankalemba maina amenewa m'makalata ndi m'mabuku a zikumbutso zawo. Ngakhale dzina lenileni likakumbukika, limakhala litasinthidwa ndi lilime la kuno: "r" wasanduka "l", ndipo kumapeto kwawonjezeka "i". Wofufuza alilembe monga momwe gogo walitchulira, kenako ayese kulibweza ku Chingelezi m'njira zingapo.

Kuchoka pakhonde, njira imalowera kutchalitchi. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a ku Mvera, ku Kongwe, ku Chinthembwe ndi ku likulu la sinodi ku Nkhoma, ndiponso a Anglican ku Kayoyo ndi ku Nkhotakota, ndiwo oyamba kulemba anthu wamba a m'mapiri muno ndi maina awo ndi midzi yawo. Pamalo a dzina la bambo pakhoza kukhala popanda kanthu, kapena pakhoza kulembedwa dzina la malume kapena la mwamuna amene anadzalera mwanayo. Ngakhale pamenepo phindu lilipo, chifukwa bukulo limatsimikiza dzina la mayi, mudzi ndi chaka. Makalata ndi malipoti amene amishoni a Dutch ankatumiza kwawo amasungidwa ku Stellenbosch, ndipo ambiri ali m'Chidatchi ndi m'Chiafrikaans.

Tsopano ulendo wa ku Zomba ukhoza kuyamba. Nkhokwe ya zolembedwa za dziko lino, National Archives of Malawi, inatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Isanabadwe n'komwe inali italuza kale chuma chake choyamba: mu 1919 moto unapsereza maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka za 1891 mpaka 1919 anapsa. Zimene zinapulumuka ndi zimene zinalembedwa pambuyo pake ndi zambiri ndithu. Muli mabuku a maboma, m'mene DC aliyense ankalembamo za mafumu, misonkho, masitolo, ma esiteti ndi alendo okhala m'boma lake. Muli Gazette ya boma, imene inkalengeza kulembedwa ntchito, kusamutsidwa ndi tchuthi cha wogwira ntchito m'boma aliyense wachizungu, ndiponso zidziwitso za malo ndi za chuma cha anthu omwalira. Ngati gogo anati bamboyo anali bwana wa ku boma la Dowa nthawi ya dzombe, Gazette ikhoza kuchepetsa oganiziridwa kufika pa anthu awiri kapena atatu. Mafailo a chuma cha omwalira ndiwo oyenera kuwerengedwa mofatsa, pakuti mwamuna amene anabisa mwana wake moyo wake wonse nthawi zina ankamukumbukira polemba wilo.

Wa ku Ntchisi asafufuze pansi pa dzina la Ntchisi lokha. Dera limeneli linkalamulidwa kuchokera kunyanja, ndipo mafailo ake ambiri ali pansi pa Kota Kota. Kalembedwe ka maina nakonso kanali kena: Ntchisi ankalemba Nchisi, Mchinji inali Fort Manning, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald. Mwana wa sukulu wa lero akhoza kudutsa failo ya kwawo osaizindikira.

Ku Blantyre, m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946. Muli zithunzi zakale, mabuku ndi mapepala a W. H. J. Rangeley, mkulu wa boma amene ankakonda kufunsa okalamba za mbiri ya mitundu ya kuno. Amene akufuna kuona nkhope ayesere kumeneko.

Zimene moto unadya ku Zomba, zina zili ndi anzake ku London, chifukwa bwanamkubwa ankatumiza makalata kwa akuluakulu ake. Mpaka 1904 dziko lino linali pansi pa Foreign Office, kenako linapita ku Colonial Office, ndipo makalata a nthawi yachiwiriyi ali ku National Archives ya ku Kew pansi pa chizindikiro cha CO 525. Komweko kuli mindandanda ya anthu okwera sitima zapamadzi kuchoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960, ya chizindikiro cha BT 27. Wobwera kuno salembedwa kuti akupita ku Nyasaland nthawi zonse. Kawirikawiri pamalembedwa doko lotsikira, Chinde m'zaka zoyambirira, Beira m'zaka zapambuyo. Mindandanda imeneyi inaikidwa pa intaneti, ngakhale kuti kuiwerenga kumafuna kulipira.

Kholo likakhala kuti linadzera ku India, khomo lake ndi British Library, kumene kuli mapepala a India Office. M'menemo muli makope a mabuku a ubatizo, maukwati ndi maliro a m'matchalitchi a ku India, ogawidwa patatu: N/1 ya Bengal, N/2 ya Madras, N/3 ya Bombay. Mzungu wobadwira ku India kapena Anglo-Indian amapezeka mosavuta m'mabuku amenewa, nthawi zina mibadwo inayi kapena isanu motsatizana, ndipo bungwe la Families in British India Society limathandiza ofufuza otere. Koma mabukuwa ndi a Akhristu okha. Msikh, Msilamu kapena Mhindu mulibemo. Tsankho la mapepala lili ndi makwerero ake: mzungu analembedwa kubadwa, sukulu, ntchito, malipiro, matenda ndi manda, mwenye analembedwa laisensi ya sitolo ndi msonkho, mkazi wa ku Dowa amene anabereka mwana wa onsewa, akapezeka m'failo, amangotchedwa mkazi wachikuda, wopanda dzina.

Mbiri ya amwenye amasitolo imapezeka bwino kwa abale awo amoyo kusiyana ndi m'mafailo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Banda linalamula amwenye kuchoka m'madera a kumidzi ndi kukachitira malonda awo m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Masitolo a makonde aatali amene akuonekabe m'misika ina ya m'dera lino ndi mboni ya nthawi imeneyo. Mabanja ena anakhala m'mizindamo, ena anapitirira ku Britain, makamaka ku Leicester. Akuluakulu a m'mizikiti ndi m'makachisi awo, ndiponso miyala ya pamanda awo ku Limbe ndi ku Lilongwe, zimasunga maina ndi midzi ya ku India kumene anachokera. Khomo limeneli ligogodedwe mwaulemu, pakuti kumeneko nakonso kuli anthu amene sanauzidwe kuti ali ndi abale ku Mponela.

Pali misampha iwiri kapena itatu. Kufanana kwa dzina si umboni. A Smith ndi a Patel anali ambiri, ndipo kupachika agogo pa munthu wolakwika ndi kunamizira akufa. Dzina, malo, ntchito ndi chaka ziyenera kugwirizana zonse, ndipo zikakana kugwirizana wofufuza alembe kuti zakana. Kuyeza magazi kwa masiku ano, kumene amati DNA, kumatha kuonetsa kuti munthu ali ndi gawo la ku Ulaya kapena la ku India, ndipo nthawi zina kumamulumikiza ndi msuweni wa kutali, koma sikutchula dzina la kholo pakokha. Amene akufufuza ndi diso la pasipoti kapena la chuma chamasiye adziwe kuti kwa zaka zambiri malamulo a Britain sankalola mwana wobadwa kunja kwa ukwati wolembetsedwa kutenga unzika kudzera mwa bambo ake, ndipo chuma cha munthu amene anafa mu 1940 chinagawidwa kalekale.

Chopweteka koposa ndi chimene chingapezeke. Ena mwa maubwenzi amenewa anali maukwati enieni, ankhoswe alipo, mwamuna akulera ana ake ndi kuwalipirira sukulu. Ena sanali otero. Mtsikana wotunga madzi kunyumba ya bwana, kapena mkazi amene mwamuna wake anali ku Joni kapena ku Halale msonkho usanaperekedwe, analibe mphamvu yokana. Chete wa agogo ena anali manyazi, koma wa ena anali chilonda. Ndipo chilankhulo cha m'mafailo ndi chonyoza. Ana amenewa amatchulidwa ngati vuto lofunika kuthetsedwa. Wowerenga alimbe mtima, ndipo asanalengeze zimene wapeza pa Facebook ayambe wakhala pansi ndi mwini mbumba, chifukwa mbiriyo si yake yekha.

Mabanja amenewa anapirira maina ambiri: makaladi, ana a azungu, ana a amwenye. Koma mbumba za m'mapiri muno sizinataye anawo. Anapatsidwa malo olima kuchokera kwa amayi awo, ndipo pa mwambo wa Chichewa mwana wa mlongo wa mfumu amayenera kuganiziridwa pa mpando mosayang'ana kumene bambo ake anachokera. Chimene boma la atsamunda linalephera kugamula ndi makalata a zaka zambiri, mudzi unali utachigamula tsiku limene mwanayo anatuluka m'chikuta.

Kotero kope la wofufuza liyambe ndi mkazi uja amene failo linamumana dzina. Tsamba loyamba likhale ndi dzina lake la ubwana ndi la pachinamwali ngati likudziwika, mfunda wake, mudzi wake, mfumu yake, mayi ake, alongo ake, ana ake onse pamodzi ndi amene anabereka ndi amuna ena, ndi manda amene anagonamo. Pansi pa mfundo iliyonse palembedwe amene wainena ndi tsiku limene wainena. Za bambo wa kutsidya kwa nyanja zibwere pa tsamba lachiwiri, pamodzi ndi nambala ya failo kapena ya buku m'mene zapezeka. Kope lotero likopedwe kawiri kapena katatu, lina likhale kwa mwini mbumba, lina kutchalitchi kapena kumzikiti. Nkhokwe ya ku Zomba ili ndi gawo losunga zolemba za mipingo, mabungwe ndi anthu wamba, ndipo banja likagwirizana likhoza kukaperekanso kope lina kumeneko.